Chala changa chinandiyalutsa mu labu

Tili chaka chachiwiri ku koleji, aphunzitsi a microbiology, phunziro la tizilombo tosaoneka ndi maso, anatipatsa aliyense timbale tiwiri ta Petri. Mkati munali agar, chinthu chonga jele chopangidwa kuchokera ku ndere za m'nyanja, chosakaniza ndi chakudya cha mabakiteriya. Lamulo linali losavuta: dinda chala pa kambale koyamba usanasambe, pa kachiwiri utasamba ndi sopo, lemba dzina kunsi, vundikira, ika mu incubator, bokosi lofunditsa lokulitsiramo mabakiteriya, pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu.

Ine ndinasamba modzionetsera, mpaka m'zigongono, poti pambali panga panali mtsikana wina amene ndinkamufuna. Matawulo apepala anali atatha, ndiye ndinasolola kansalu kanga kopukutira thukuta. Kansalu kameneka kankakhala m'thumba limodzi ndi chenji cha minibasi, makiyi ndi zinyenyeswa za mandasi.

Patapita masiku awiri tinatsegula incubator. Fungo lake, abale, lokha linatibweza m'mbuyo. Anzanga anali ndi timadontho toyera tosamala, tina tachikasu. Kambale kanga koyamba kanalinso bwinobwino. Koma kachiwiri, ka munthu wosamba uja, kanali kadzala: madontho achikasu, ena otuwa amakwinyamakwinya atayala mpaka m'mphepete, ndi kankhungu kaubweya pakona.

Aphunzitsi anakanyamula m'mwamba, n'kuwerenga dzina langa mokweza, kawiri.

"Achimwene, munasamba ndi sopo kapena ndi dothi?"

Kalasi yonse inagwa nako kuseka. Iwo anafotokoza kuti zimachitika ndithu: kusamba kumavundula mabakiteriya okhala pakhungu, ndipo chala chonyowa chimasiya ambiri kuposa chouma. Ndinayamba kupumako. Kenako anafunsa chimene ndinapukutira. Wina kumbuyo anakuwa, "Kansalu, sala! Kali m'thumbamo!"

M'malo mondileka, kambale kanga kanakhala phunziro la tsikulo. Tinapaka mabakiteriyawo utoto wa Gram, njira ya Hans Christian Gram ya 1884 yowasiyanitsira, ndipo aliyense anaima pamzere kudzasuzumira pa maikulosikopu. Munali timipira tapepo tounjikana, Staphylococcus, ndi timitengo tatitali, Bacillus wa m'dothi. Mtsikana uja anayang'ana nthawi yaitali kuposa onse, anandiyang'ana manja, n'kusuntha mpando wake.

Dzina loti Bacillus linandikakamira pomwepo. Ku hostel tikamadya nsima m'mbale imodzi, anyamata ankasamba m'manja mwaulemu, ine n'kundipatsira supuni.