Fupa lagwirana: zikomo nonse, makamaka inu alamu

Abale anga, fupa lagwirana. Adokotala aona sikani ya CT, chithunzi chija choonetsa mkati mwa thupi, ndipo anena kuti mafupa a pa kakolo alumikizana bwinobwino, ndikhoza kuvula chinsapato chachikulu chija n'kumaponda ndi mwendo wonse. Ambuye alemekezeke. Ndikulemba manja akunjenjemera, ndatopa kwabasi, koma sindingagone ndisanathokoze.

Ambiri mukudziwa kale kumene zinachokera. Ngozi ya minibasi kumudzi, nyamakazi n'kudya mfundo ya pa kakolo, kenako kuno ku UK n'kundiikira mfundo yochita kupanga, chitsulo pamwamba, chitsulo pansi, pulasitiki pakati. Kwa zaka zingapo ndinayenda bwino, ntchito ndimagwira. Ndiye ululu unabwerera. Chitsulo chinayamba kugwedera, fupa lozungulira linachita mphako, ndipo cham'munsicho chinali kumira m'fupa. Mfundo za pa kakolo zimenezi sizikhalitsa ngati za m'chiuno kapena pa bondo, anandiuza zimenezi kalekale, koma kumva kuti yanga yatha kunandiwawabe.

Tsiku limene adokotala anatchula njira zitatu, alamu anga anali pambali panga. Kuika mfundo ina yatsopano, koma fupa lotsala linali lochepa. Kuchotsa zitsulo zonse n'kumangirira mafupa kuti agwirane akhale limodzi. Kapena, zikakanika zonsezi, kudula mwendo m'munsi mwa bondo. Ine nditamva mawu oti kudula, makutu anatsekeka. Alamu ndi amene anapitiriza kufunsa mafunso, akulemba kuseri kwa kalata ya kuchipatala. Ndi iwo amene anamva zoti mafupa amene anakhalapo ndi zitsulo amavuta kugwirana kusiyana ndi amene sanachitidwepo opaleshoni, ndipo anandifotokozera kunyumba, m'Chichewa, pang'onopang'ono, osandibisira.

Njira imene inatsatidwa ndi yachiwiri ija, yomangirira mafupa. Madokotala anayamba ayeza magazi ndi kutenga timinofu ta mkati kuti aone ngati muli majeremusi, mwamwayi munalibe. Atachotsa zitsulo panatsala dzenje, ndiye anadzazamo fupa la munthu wina. Fupa limeneli ndi mutu wa fupa la ntchafu, limene anthu ena amavomera kupereka akamawaika mfundo yatsopano ya m'chiuno, m'malo moti litayidwe. Sindidzakudziwani, bambo kapena mayi inu amene munasaina pepala limenelo, koma ndikuponda ndi fupa lanu. Mulungu akudalitseni kulikonse muliko. Kenako analowetsa msomali wautali kuchokera kuchidendene mpaka m'fupa la msongolo, n'kumanga ndi masikuluwu.

Masabata 12 osaponda pansi. Nyumba zakuno mukuzidziwa, bafa ndi chimbudzi zili m'mwamba. Alamu anatsitsa bedi langa n'kuliika pabalaza. Amaweruka ntchito yausiku yosamalira okalamba, maso ali psuu, m'malo mopita kukagona kwawo amakwera basi kubwera kwa ine. Amakulunga chikhakha m'jumbo, kumata ndi tepi, n'kundisambitsa m'beseni. Chimbudzi cha pampando chija amakataya okha, nkhope osakwinya ngakhale tsiku limodzi. Jakisoni woletsa magazi kuundana uja ine ndinkamuopa. Iwo amayamba afikisa manja awo kuti afunde, kutsina khungu la pamimba, n'kundifunsa za ana kusukulu, pozindikira abaya kale. Mimba yonse inadetsedwa ndi mabala a singano, tsiku lililonse amafunafuna pamalo pena posapweteka.

Alamu, inu munakwatiwa ndi achimwene anga, simunakwatiwe ndi mavuto anga. Panalibe chokukakamizani. Usiku uja ndinakuimbirani ndikulira kuti bola angodula zithe, simunandilalikire, munangoti tsegula chitseko, ndili panjira. Usipa umene akwanu anakutumizirani kuchokera ku Nkhotakota unathera pa ine, mukuti mafupa amafuna chakudya. Mapiritsi a vitamini D mumachita kundiwerengera, poti dzuwa lakuno silitikwanira anthu akhungu ngati lathu. Ndilibe choti ndingakubwezereni. Ambuye amene amaona zam'seri akukumbukireni inu ndi ana anu.

Zikomo achimwene ponyamula wilutcheya kukweza ndi kutsitsa m'galimoto osadandaula. Zikomo amayi a kumpingo amene mumasinthana kubweretsa ndiwo, gulu la Amalawi lathu lija posonkha za lendi miyezi imene malipiro anachepa, madokotala ndi anamwino a NHS (zipatala za boma zakuno), ndi mtsikana wa mafizo, othandiza odwala kulimbitsanso thupi, amene anandiphunzitsa kukwera masitepe ndi ndodo. Amama kumudzi, mapemphero anu a m'bandakucha pa WhatsApp ndinkawamvetsera mobwerezabwereza. Ana anga, mwakula msanga chaka chino, pepani ndipo zikomo.

Ena tinkadyera limodzi nthawi imene ndinali ndi mphamvu, koma ngakhale uthenga wa "mwadzuka bwanji" sunafike. Ena munafika pomanena kuti opaleshoni yoyambayo ndinaifuna ndekha, ndiye ndizione. Mawuwo anandipeza ndili chigonere, ndipo anandilasa. Ndakhululuka, koma ndinawamva.

Kwa amene mwakhala mukufunsa kuti ndiye zikhala bwanji: kakolo sadzapindikanso, phazi silidzatembenukira m'mbali. Mwendo wafupika pang'ono, andiikira kokwezera m'nsapato, ndipo ndizivala nsapato zakupansi kokhota kuti phazi lizigudubuzika poyenda. Ndikutsimphina, madzulo phazi limatupabe, pamalo okumbikakumbika ndiziyenda mosamala moyo wonse. Anandichenjezanso kuti mfundo zina za m'phazi tsopano zizigwira ntchito yambiri, mwina m'tsogolo zidzayamba kuwawa. Koma ululu uja woboola ngati munthu akukhoma msomali ndikangoponda, watha. Mwendo ndi wanga, uli pompano.

Lamlungu likubwerali ndibwera kutchalitchi ndi ndodo imodzi, kudzapereka chopereka chothokoza. Amene mungathe bwerani, tikatuluka tidzadyere limodzi kwathu. Alamu, tsiku limenelo simulowa kukhitchini, mudzakhala pampando ana azikutumikirani.