Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mayina a ku Makhanga

Takhuta, zikomo nonse amene mwakhala mukundikakamiza kuti ndipitirize. Achemwali a ku Nchalo amene munalemba kuti munalira powerenga za maliro a bambo, Mulungu akudalitseni.

Zaka zimene ndinakhala ndikugulitsa mayunitsi pa Bangula tizidumphe, mulibe nkhani. Tifike mu Malichi 2019, Shire ndi Ruo atasefukira ndi mvula ya namondwe Idai, ku Makhanga kukufikika pa bwato pokha. Bungwe lina lothandiza anthu, dzina sinditchula, linandilemba ganyu yosunga zithunzi za mapepala a kalembera wa anthu olandira ufa. Anyamata ankawoloka ndi makamera awiri, kujambula mapepala a mafumu, madzulo n'kubwera nazo.

Makamera onsewo ankatcha zithunzi IMG_0001, IMG_0002, choncho. Mnzanga uja wa njinga yamoto yofiira, mukumukumbukira, ankathira zonse mu foda imodzi, kompyuta ikamufunsa iye n'kumangodina Replace, chithunzi chatsopano n'kupondereza chakale cha dzina lofanana. Akatero n'kufufuta m'makamera kuti mawa mukhale malo. Mayina a midzi iwiri anapita choncho, ndipo mlandu unagwera ine wosunga.

Tsiku logawa ufa sindidzaliiwala. Azakhali anga, alongo awo a malemu bambo, anaima pa mzere kuyambira m'mamawa, thumba lopanda kanthu ali nalo m'khwapa, dzuwa lathu la kuchigwa likuswa mtengo. Mayina anaitanidwa mpaka kutha. Anadikirabe, poganiza kuti mwina pali pepala lina. Kenaka anabwera pa tebulo pomwe ndinakhala, anthu onse akuona.

"Iwe mwana wa achimwene anga, wolemba mayina ndiwe, ndiye ine ndikagone ndi njala? Bambo ako akanakhalapo ukanatero?"

Sanakalipe, ananena motsitsa, ndipo n'chimene chinandipweteka. Ndinagwada n'kuti, "Azakhali, pepani, ndikonza." Sanandiyankhe. Anapinda thumba lija bwinobwino, n'kutembenuka. Pakhosi panga panauma, ndinalephera ngakhale kumwa madzi.

Usiku umenewo ndinatsegula laputopu yakale ija yoyendera Ubuntu, pa windo lakuda lolembapo malamulo a kompyuta, la terminal, limene anzanga ankandiseka nalo kuti ndi ufiti. Ndinali nditakumbukira kuti anyamata ena ankajambulanso ndi mafoni n'kutumiza pa gulu la WhatsApp. WhatsApp imachotsa tsiku lobisika mkati mwa chithunzi, koma pa mafoni a Android imaika tsiku pa dzina lenilenilo, monga IMG-20190319-WA0012.jpg. Ndinapempha mafoni awo, n'kukopera zonse ndi cp -p, chifukwa ukangokopera wamba fayilo imatenga tsiku la lero. Zinali zambirimbiri, zosakanikirana ndi za maukwati ndi za mpira. Ndinalemba:

find . -name "IMG-201903*-WA*.jpg"

Za Malichi zokha zinatuluka. Zina zinali ndi mayina osathandiza, ndiye ndinazisefa ndi tsiku:

find . -newermt "2019-03-18" ! -newermt "2019-03-21"

Kenaka ka loop kakang'ono, kalamulo kobwerezabwereza, kanadula manambala asanu ndi atatu a tsiku pa dzina lililonse, mkdir -p n'kupanga foda ya tsikulo, mv -n n'kusamutsiramo. Ka -n kameneka ndiko kamakaniza fayilo kupondereza inzake ya dzina lofanana. Mu foda ya pa 19 ndinapeza mapepala aja, osaoneka bwino koma owerengeka, dzina la azakhali lili pamenepo ndi chidindo cha chala chawo.

Ena mungafunse chifukwa chake sindinamuneneze mnzangayo kwa abwana. Mkazi wake anali woyembekezera, nyumba yawo itagwanso ndi madzi omwewo. Ndikanamuchotsetsa ntchito ndikanapindula chiyani? Koma iwe mnzanga, popeza masiku ano ukumauza anthu pa Ngabu kuti mayina aja unawapeza ndiwe, achimwene, ndikudziwa umawerenga. Tandiuza chimene -newermt imachita, ndikugulira fanta.

Midzi iwiri ija inalandira pa ulendo wotsatira. Azakhali ufa analandira, koma moni wanga anayamba kuyankha chaka chitatha, pa chinkhoswe cha mng'ono wanga. Ganyu itatha abwana anandiitanira ku Blantyre, ndipo zimene ndinakumana nazo nditakwera Thabwa ndikuuzani Loweruka.