Biti mwapangira pa Windows, kumiksa kuli pa Mac, nanga mapulagini?

Ambirife tinayambira pa Windows, apa palibe zobisa. Laputopu ya second hand, FL Studio (pulogalamu yopangira nyimbo) mkati, mahedifoni m'makutu, mabiti n'kumatuluka usiku onse. Ukamagwira wekha kuchipinda kwako zonse zimayenda bho. Mavuto amayamba nyimbo ikakula, woyimba akuti tikajambulire mawu ku situdiyo ina kapena titumize kwa mnyamata wina ku Joni akamikse, ndiye ukupeza kuti kumeneko ndi Mac. Mwatsegula pulojekiti ija ng'oma zikulira inde, koma piyano kulibe, ma pad kulibe, bass yomwe inanyamula nyimbo yonse yangoti zii, pa sikirini kabokosi kakukuuzani kuti pulagini yakutiyakuti sinapezeke.

Chomwe ndimafuna aliyense amvetse kaye n'chakuti pulagini, chida choyimbira kapena effect yomwe mumawonjezera mu FL, ndi pulogalamu payokha ndipo inamangidwira system imodzi. Ija yothera ndi .dll ili mu foda yanu ya VstPlugins ndi ya Windows basi, Mac sayiwerenga olo pang'ono. Ndawaonapo anyamata akukopera foda yonse mu flash kuti akayiponye pa MacBook, zili ngati kutenga sipeya ya Toyota kukamanga pa Nissan. Ngakhale zija zothera ndi .vst3, dzina ndi limodzi mbali zonse koma zam'kati n'zosiyana, pa Windows zimakhala ku C:\Program Files\Common Files\VST3 pomwe pa Mac zili ku /Library/Audio/Plug-Ins/VST3 ndipo mbali iliyonse ili ndi installer yakeyake. Chabwino chake makampani ambiri ukagula kamodzi amakupatsa zonse ziwiri pa laisensi yomweyo, FL Studio yeniyeniyo ndi chimodzimodzi, simugula kawiri ayi.

Ndiye pali nkhani ya mitundu ya mapulagini. VST anayambitsa ndi a Steinberg a ku Germany, eni ake a Cubase, mu 1996, VST3 inadzabwera mu 2008, ndipo kuyambira 2018 anasiya kupereka chilolezo cha VST2 kwa opanga mapulagini atsopano, nchifukwa chake zambiri zatsopano mukuziona zikubwera za VST3 zokha. VST imayenda pa Windows, pa Mac ndi pa Linux pomwe. AU ndi ya Apple, kunja kwa zinthu za Apple simungayipeze, ndipo mapulogalamu ake opangira nyimbo, Logic Pro ndi GarageBand, salandira VST, amafuna AU. Pro Tools nayo ili ndi yake, AAX. Palinso CLAP yomwe a Bitwig ndi a u-he anatulutsa mu 2022, FL Studio inayamba kuyilandira mu 2024 koma panopa si onse ali nayo. Choncho pulagini imodzi yomweyo, tinene synth ya Serum, ukamayika pa Mac imakufunsa, ufuna VST3, AU kapena AAX, ndipo anthu ambiri amangodina zonse osaganiza.

Apa ndi pomwe pali msampha weniweni aise, ndipo ndi pomwe nyimbo zambiri zimafera. FL Studio inabwera pa Mac mu 2018 ndi version 20, ndipo fayilo ya pulojekiti (.flp) imatseguka mbali zonse popanda vuto. Koma pa Mac FL imalandira zonse ziwiri, VST ndi AU, ndiye pa list ya mapulagini Serum imaoneka kawiri. Mnzako wa Mac uja wawonjezera lead yake yabwinobwino koma wasankha ya AU osadziwa, wakubwezera pulojekiti, iwe pa Windows ukutsegula ikuti pulagini palibe, chonsecho Serum uli nayo, unagula ndi ndalama zako, ikugwira ntchito m'mapulojekiti ena onse. Umayamba kukayika kompyuta yako, kufufuta n'kuyikanso, kutha bando yonse kudawuniloda zinthu zomwe uli nazo kale, pomwe vuto lili pa kachinthu kamodzi komwe mnzako anadina. A Image-Line eni ake amalangiza kuti ngati pulojekiti iziyenda pakati pa Mac ndi Windows muzigwiritsa VST. Pa Ableton Live nkhani ndi yomweyo. Ine ndikamayamba ntchito ndi munthu wa Mac, tisanakambe za BPM (liwiro la nyimbo) kapena key ndimayamba ndamuuza kuti man, VST3 yokhayokha chonde, AU musungireni Logic.

Ma version nawo muziwayang'ana. Sound yomwe yasevedwa pa version yatsopano ya pulagini nthawi zambiri siyitseguka pa yakale, ndipo ngati wina ali ndi VST2 wina VST3 ya pulagini yomweyo, pena pulogalamu imaziona ngati zinthu ziwiri zosiyana. Ma library a Kontakt, pulagini yoyimbira ma sample, amasochera chifukwa pa Windows njira imayamba ndi C: kapena D: pomwe Mac zilembo zimenezo sayizidziwa, umayenera kuyilozeranso komwe kuli ma sample, izi ndiye n'zosavuta, zimangodya nthawi.

Amene mukuganiza zogula Mac, makamaka inu muli ndi timapulagini takale tomwe mumatikonda, dziwani kuti Apple sasunga zakale. macOS Catalina ya 2019 inachotseratu mapulogalamu a 32-bit, ndiye ka synth kaulere kaja munakadawuniloda kalekale, ngati mwini wake sanakapangenso ka 64-bit, pa Mac yatsopano kanatha basi. Pa Windows FL imathabe kukatsegula kudzera pa bridge, kachida kake kotsegulira mapulagini a 32-bit. Kenako mu November 2020 kunabwera M1, purosesa ya Apple yosiyana ndi ya Intel, ndipo mapulagini opangidwira Intel amadalira Rosetta 2, pulogalamu ya Apple yomasulira za Intel, kuti agwire, nthawi zina mpaka umayenera kutsegula pulogalamu yonse yopangira nyimbo (DAW) kudzera mu Rosetta chifukwa cha pulagini imodzi, mphamvu ija munagulira makinawo n'kuchepako. Makampani akuluakulu anakonza kale zimenezi, koma musanapereke ndalama lembani mapulagini omwe simungagwire ntchito popanda iwo ndipo mukaone pa webusayiti ya aliyense ngati akutchula Apple Silicon, dzina la mapurosesa a Apple ngati M1.

Za ma crack, mapulagini ogulitsa omwe anthu amayika osalipira, ndinenepo, chifukwa tonse tikudziwa mmene zinthu zilili kwathu kuno, dollar ndi yovuta kupeza ndipo pulagini imodzi ikhoza kudya lendi ya mwezi. Sindikuweruza munthu. Koma pa nkhani yosamutsa pulojekiti ma crack ndi omwe amapweteka kwambiri, version yake imakhala yakale, ya Mac mwina kulibe, update simungapange, ndipo palibe yemwe mungamulembere zikavuta. Zimandiwawa kuona mwana waluso nyimbo yake yabwino itakanirira mu laputopu imodzi chifukwa cha zimenezi, pomwe zaulere zamphamvu zilipo. Vital ya Matt Tytel ili ndi version yaulere ndipo imayenda pa Windows, Mac ndi Linux. Surge XT ndi yaulere yonse, Dexed chimodzimodzi, Valhalla Supermassive ndi yaulere pa Windows ndi Mac. Komanso musanyoze za mkati mwa FL momwemo, Sytrus, FLEX, 3xOsc, Parametric EQ 2, izi zimatseguka mbali zonse osafunsa. Log drum ya amapiano yomwe yagwedeza dziko lonse ija anyamata a ku South Africa ambiri amayitulutsa mu Fruity DX10, kapulagini kobwera ndi FL komwe ena sakayang'ana n'komwe.

Linux ndingoyikhudza pang'ono poti ena ayamba kufunsa kuchokera pomwe Microsoft inasiya kusamala Windows 10 pa 14 October 2025 ndipo malaputopu akale ambiri Windows 11 ikuwakana. Reaper, Bitwig ndi Ardour zimayenda pa Linux mwachindunji, FL Studio ilibe version ya Linux. Mapulagini a Windows ena amagwira kudzera pa yabridge yomwe imadalira Wine, pulogalamu yoyendetsa za Windows pa Linux, koma aja ofuna iLok yotsimikizira laisensi amavuta kwambiri. Ngati mumakonda kusewera ndi makina yesani, koma osati pa kompyuta yomwe kasitomala akubwera mawa m'mawa.

Mulimonsemo, nyimbo iliyonse ikatha ine ndimayitulutsa ma stem, track iliyonse payokha mu WAV ya 24-bit, zonse kuyambira pa bar yoyamba olo chidacho chikulowa pakati pa nyimbo, kuti wolandirayo angoziyala zigwirizane zokha. Mawu ndi ma lead ndimatulutsa kawiri, ena ali ndi reverb ndi delay ena owuma. MIDI ya ma chord ndi bass ndimayikamonso, BPM ndi key ndimalemba pa dzina la foda. Zipped loop package ya FL, yosevera pulojekiti mu zip, ndi yothandiza koma kumbukirani kuti imanyamula pulojekiti ndi ma sample okha, mapulagini sakwera nawo.

Ndipo flash kapena hard drive yomwe mukunyamulira ikhale ya exFAT. Ya NTFS Mac imangowerenga koma siyingalembemo, ndiye mwamiksa tsiku lonse pofika pokopera kuti mubwerere nazo ikukana. Ya FAT32 siyilandira fayilo yoposa 4GB, zip ya ma stem a nyimbo zingapo imadutsa pamenepo mosavuta. Musanayisinthe kukhala exFAT kopelani kaye zam'katimo kwina chifukwa format imafufuta zonse.