Tsiku lomwe ndinathamangitsa mkwatibwi m'munda wa tiyi

Amalume anga ali ndi kagalimoto kofiira ka MGB ka 1965, kopangidwa ku Abingdon ku England, komwe anagula kwa mzungu wina pa esiteti ya tiyi pomwe ankagwira ntchito ya umakaniko. Amakakonda kuposa ife abale awo. Mipando ndi iwiri yokha, denga lansalu, ndipo ukakhalamo umamva ngati matako akukhula tala. Mng'ono wanga atapempha kuti mkwatibwi wake achoke kutchalitchi ku Luchenza kupita kuholo ku Thyolo boma pa kagalimoto kameneka, amalume anavomera monyinyirika. Bondo linali likuwavuta, kuponda kilatchi sakanatha, ndiye chiwongolero chinagwera ine.

Usiku wake anandikhazika pansi n'kundipatsa malangizo ambirimbiri, ine ndikungoti eya, eya, maso ali pafoni. Chomwe ndinatolapo n'chimodzi: injini ikatentha uyatse hita, imakokako moto wina.

Linali Loweruka la mu Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ine patsogolo ndi alamu atsopano, velo ikuuluka, mkwati pagalimoto yachiwiri, kumbuyo kwenikweni lole ya amayi oimba, amalume ali kutsogolo kwake. Mdipiti wa ukwati mukuudziwa, suthamanga. Tinkakwera mitunda ya ku Thyolo pa giya yachiwiri, mahutala ali pipiii, ana akutithamangira m'mbali mwa msewu. Ndinkadzimva ngati nduna.

Kenako diso linagwa pa geji ya kutentha kwa injini. Kamuvi kanali pa 190.

Ndikuuzeni kuti ine ndine mphunzitsi, ndipo sitandade 7 ndimaiphunzitsa sayansi. Chaka ndi chaka ndimalemba pabolodi kuti madzi amawira pa 100, ndipo mwana wolemba zina ndimamuthetha ndi cholembera chofiira. Tsono apa madzi a mu injini ali pa 190. Ndinawerengera mwachangu: tatsala pang'ono kuwira kawiri. Mtima unangoti phwii.

Ndinayatsa hita. Mpweya wamoto unayamba kutiwomba kumapazi. Alamu anapirira kaye, poti mkwatibwi sayankhulayankhula, koma phauda itayamba kutsetsereka m'masaya ngati phala la mwana anati, "Alamu, kodi kukutenthaku ndi kwa dzuwa lokha?" Ndinati inde. Kamuvi kanatsika pang'ono, kenako pa mtunda wina kanabwerera, n'kupitirira, 195.

Ndinaponda buleki, n'kukuwa ndi mawu onse omwe ndimakuwira pa asembule: "Alamu, tsikani! Thawani! Iphulika!"

Sindinkadziwa kuti munthu wovala diresi la mchira wa mamita awiri angathamange chonchija. Anavula nsapato, anakwinya diresi m'manja, analumpha ngalande n'kulowa m'munda wa tiyi. Ine pambuyo. Mkwati, poona mkazi wake wa ola limodzi akulowa m'tiyi ndi mkulu wake, anatsika naye n'kutiyamba liwiro, akufuula zinthu zomwe sindingalembe pano. Amayi a palole nyimbo inawathera pakamwa. Anthu ena othyola tiyi anangoima, madengu kumsana, kuonerera ulere.

Patapita mphindi zingapo kagalimoto kali phee, osaphulika, manyazi anayamba kundigwira. Ndinaganiza zobwerera kuti ndikaoneke ngati mwamuna. Ndinatsegula boneti, n'kutambasula dzanja kuti nditsegule chitsekero cha rediyeta ndithiremo madzi ozizira omwe tinasungira akwati. Ndodo inandipeza pamkono. Amalume anali atafika, akutsimphina.

"Iwe mphwanga, ukufuna ukadyere ukwati kuchipatala? Chitsekero chimenecho sachitsegula injini ili yamoto. Madzi ake angakusende nkhope ngati mbatata."

Ndinawalozera geji, chala chikunjenjemera. Anavala magalasi, anawerama, anayang'ana, kenako anandiyang'ana ine nthawi yaitali kuposa momwe anayang'anira gejiyo.

"Kachilembo kali apaka ukukaona? Ndi F. Fahrenheit. Azungu a nthawi imeneyo ankayeza choncho. Pa muyeso umenewu madzi amawira pa 212. 190 yakoyo ndi 88 pa muyeso wa m'kalasi mwako."

Anapitiriza, ndipo anaonetsetsa kuti lole yonse ikumva. Anati nyengo yotentha kagalimotoka kamayenda bwinobwino pakati pa 180 ndi 200, makamaka pokwera mtunda pang'onopang'ono ngati fulu, chifukwa mphepo yolowa pa rediyeta imachepa ndipo fani yake imazungulira ndi injini, injini ikamayenda mwaulesi nayonso imachita ulesi. Anati anaikamo themositati, kachipangizo kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta, ya madera otentha, yotseguka pa 165, osati ya 180 kapena 190 ya kwawo kozizira. Ndipo chitsekero chija chimapanikiza madzi ndi mphamvu ya mapaundi 7, moti sawira pa 212 koma mpaka cha m'ma 230. "Kamuvi kakadutsa 210 n'kumakwerabe, pamenepo ima, uzimitse, udikire. Zonsezi ndinakuuza dzulo."

Mayi wina palole anafunsa mokweza kuti kodi aphunzitsiwa amaphunzitsa sukulu iti, kuti achotseko mwana wake.

Alamu tinakawapeza mizere khumi ndi iwiri mkati mwa munda, atakhala pansi, velo itakola pa chitsamba cha tiyi, m'munsi mwa diresi muli dothi lofiira la ku Thyolo lomwe silimva sopo. Anakana kukweranso MGB. Anakalowa kuholo ali kutsogolo kwa lole, pampando wa amalume, ndipo amalumewo anakhala pambali panga njira yonse yotsala, ndodo ili pamiyendo, akundiwerengera kamuvi mokweza pa mtunda uliwonse.

Pa perekaniperekani, wolengeza anati tsopano abwere achimwene a mkwati, a Fahrenheit, adzaponye yochapitsira diresi. Ndinavina ndekha pakati pa holo mpaka K19,000 inatha, poti ankhoswe anagamula kuti ikhale ma K100 okwana 190. Lolemba nditalowa m'kalasi ndinapeza wina walemba kale pabolodi, ndi choko chofiira: madzi amawira pa 212.