Pepala loyera ndi kampeni ndiye zikutidyetsa kuno ku Scotland

Geni yathuyi tinayamba ine ndi alamu anga, kavani kakale basi, kumatchetcha kapinga ndi kudulira maheji mmagadeni a anthu kuno ku Perth. Za mitengozi zinachita kutigwera. Agogo ena anatiitana kuti mtengo wawo wa spruce ukufa, masamba ake onga singano aja afiira akungoyoyoka, ine osaunika nkomwe ndinangoti ndi fangasi ameneyu agogo, tidule. Mwayi wake anakana, ati anabzala ndi malemu amuna awo. Pofika June mtengo uja waphuka nsonga zonse, manyazi ake ndinasowa poyang'ana.

Kani zinali nsabwe za mitengo, amati green spruce aphid, tobiriwira ta maso ofiira. Timayamwa masamba akale nthawi ya winta, makamaka chaka choti sikunazizire kwambiri, koma mphukira zatsopano timazisiya nde mtengo umaoneka mbee mkati kunsonga kuli biriwiri. Kuzigwira kwake nkosavuta mpaka kuseketsa, umatchera pepala loyera pansi pa nthambi nkugogoda, ukangoona tinthu tikuyenda basi wapeza. Kwathunso ku Malawi nsabwe zinasautsapo mikungudza kuyambira 1986, za mtundu wina koma nazonso zoyamwa mitengo.

Fangasi ndi nkhani ina. Amene amatisowetsa tulo ndi honey fungus, iyeyu amayambira kumizu nde mtengo wonse umafwifwa pamodzi ndi nsonga zomwe, utomoni uli chuchuchu patsinde. Apa mpamene kampeni kamagwira ntchito, umasenda khungwa pang'ono pafupi ndi dothi, ukapeza zoyera zoyala ngati pepala zonunkha bowa, nthawi zina ndi tizingwe takuda ngati ta nsapato, dziwa kuti zatha. Mankhwala ake kulibe, nkudula ndi kuzula chitsa chomwe apo ayi alowa mmitengo ya aneba. Kumuuza kasitomala zimenezi sikophweka, ena amafuna ungopopera kenakake mtima ukhale pansi, ife timakana ngakhale mapaundi ake timawafuna ndithu.

Utomoni nawo umapusitsa, ndinatsala pang'ono kugwanso pomwepa. Ukakhala timibulu tosakanikirana ndi utuchi tili ndi kabowo pakati, ameneyo si fangasi koma kachikumbu koboola khungwa, great spruce bark beetle, kanapezeka mu Britain muno mu 1982. Tikakayikira zoterezi timajambula nkutumiza pa TreeAlert, webusaiti yonenerapo matenda ndi tizilombo ta mitengo, kuti a Forest Research, bungwe la boma lofufuza za nkhalango, aone okha.

Pano kuunika kokha timalipitsa, ndipo ndi komwe kumatigwira dzanja miyezi yozizira kapinga akasiya kukula. Agogo aja ndi amene anatibweretsera makasitomala ambiri a mumsewu mwawo, koma akamandionetsa kwa anzawo sasiya kunena kuti uyu ndi uja ankafuna kudula mtengo wa amuna anga.