Sabata ya chisankho ndikugogoda m'makomo a ku Dartford

Ntchito yanga ndi yofunsa anthu mafunso. Kampani imene ndimagwirako kuno ku England imachita kafukufuku wa maganizo a anthu, ndipo ife oyenda m'makomo amatipatsa tabuleti, chiphaso chokoleka m'khosi ndi mndandanda wa misewu. Sabata ya chisankho cha aphungu cha pa 4 July 2024 ananditumiza ku Dartford, tauni ya ku Kent, kum'mawa kwa London, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Aliyense wa ntchito yathu amadziwa chifukwa chake maso amakhala kumeneko: kuyambira 1964, chipani chimene chatenga mpando wa Dartford ndi chomwecho chimene chimalowa m'boma. Ngakhale Margaret Thatcher, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Britain, anayambira kupikisana kuno, mu 1950 ndi 1951, ndipo maulendo onse awiri anagwa.

Lolemba ndinayambira ku Temple Hill, kumene nyumba zambiri zinamangidwa ndi khonsolo. Sitigogoda mwachisawawa ayi. Abwana amatiuza anthu oti tiwapeze: amuna angati, akazi angati, achinyamata, okalamba, a lendi ndi okhala m'nyumba zawozawo. Okalamba ndiwo osavuta, umawapeza pakhomo masana ndipo ena amakupatsa ndi tiyi yemwe. Mnyamata wa zaka 22 wogwira ntchito ya usiku m'nyumba zosungiramo katundu, ameneyo ndiye umamusaka mpaka miyendo kuwawa. Funso limene ndimaliona lofunika koposa si lakuti "muvotera ndani", koma lotsatira lake, lakuti "mu 2019 munavotera ndani". Pamenepo ndi pamene munthu amakanda kumutu, ndipo umaona ngati wasuntha kapena ali pomwe anali.

Lachiwiri ndi limene linanditsegula maso pa chimene chimachititsa kuti dera limeneli lizilondola dziko lonse. M'mawa ndinali ku Longfield, kumene kuli nyumba zikuluzikulu za mabwalo a kapinga, magalimoto awiri pakhomo, anthu ake ambiri opuma pa ntchito. Masana ndinali ku Swanscombe, kumene kale anthu ankadalira fakitale ya simenti. Madzulo ndinali m'mafulati atsopano a ku Ebbsfleet ndi Greenhithe, odzaza ndi mabanja achichepere amene anathawa lendi ya ku London, ena ochokera ku Nigeria, Ghana ndi India, amene m'mawa uliwonse amakwera sitima kubwerera ku London komweko kukagwira ntchito. Pakati pa onsewa pali Bluewater, malo aakulu a masitolo amene anatsegulidwa mu 1999 m'dzenje limene ankakumbamo choko. Pa tsiku limodzi ndinakumana ndi England wolemera, England wa mafakitale otsekedwa ndi England wa alendo obwera kumene, ndipo palibe gulu limene ndi lalikulu moti n'kuphimba anzake. Mayi akafuna kudziwa ngati ndiwo zakolera mchere samwa mphika wonse, supuni imodzi imakwana, bola atavundula kaye. Madera ambiri ku Britain ndi osavundula: ku Liverpool aliyense amadziwiratu kuti chipani cha Labour chipambana, choncho kufunsa kumeneko sikukuuza kanthu za dziko. Dartford ndi yovundula.

Koma anzanga ena ankakayika ngati mbiri ya Dartford yosankha chipani cholowa m'boma ipitirire. Anali ndi mfundo. Pa referendamu ya 2016, anthu a ku Dartford pafupifupi 64 pa 100 alionse anavotera kutuluka mu European Union, pomwe dziko lonse anali 52. Mu 2019 phungu wa Conservative, chipani chimene chinali m'boma, Gareth Johnson, anapambana ndi mavoti oposa 19,000 pamwamba pa womutsatira. Dera lotere limaoneka ngati lapendekera kale mbali imodzi. Ku America zinachitikapo: Vigo County ya ku Indiana inkavotera wopambana upulezidenti kuyambira 1956 mpaka 2016, koma mu 2020 inaphonya. Dera likasintha anthu ake, kapena zipani zikasintha anthu amene zikuwakopa, mbiri yakale siithandiza.

Pakhomo zimene ndinkamva sizinali chikondi cha Labour. Anthu ankadandaula za kudikira miyezi kuti aonane ndi dokotala, za ngongole ya nyumba imene chiwongoladzanja chake chinakwera, za mzere wa magalimoto pa Dartford Crossing, powolokera mtsinje wa Thames, umene ukatsekeka tauni yonse imaima, ndi za mabwato a anthu owoloka kuchokera ku France. Bambo wina wachikulire, atavala masilipasi, galu akuuwa kumbuyo kwake, anatenga nthawi yaitali akuyang'ana mayina a zipani pa tabuleti yanga. Chala chake chinadutsa Conservative, chinadutsanso Labour osaima, n'kukaima pa Reform UK. Anandiuza kuti moyo wake wonse sanavoterepo chipani china koma Conservative. Anthu otere ndinakumana nawo msewu ndi msewu, ndipo ndinazilemba mu lipoti la madzulo kuti aku ofesi asangoona manambala okha. Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti nkhope isaonetse kanthu, munthu anene zimene ukugwirizana nazo kapena ayi.

Lachitatu ku Greenhithe ananditsegulira chitseko mayi wovala yunifolomu ya osamalira okalamba. Ataona dzina pa chiphaso changa anangoti, "Kodi ndinu a kumudzi?" Tinapatsana moni wa kwathu pakhonde pomwepo. Nditawafunsa za chisankho anaseka: "Achimwene, zimenezo n'za eni dziko, ife tinabwerera ntchito." Ndinawauza kuti, "Amayi, Malawi ali mu Commonwealth. Inu muli ndi chilolezo chokhala kuno, ndiye voti muli nayo ngati wina aliyense." Sanalembetse, ndipo tsiku lomaliza lolembetsa, 18 June, linali litadutsa kale. Zinandipweteka mtima. Mayi amene amasambitsa makolo a anthu usiku ndi usana, amene malamulo a viza ndi malipiro amawakhudza mwachindunji, sindinathe kuwawerengera m'gulu la ovota. Amalawi anzanga kuno, kulembetsa kumachitika pa intaneti ndipo sikutenga nthawi.

Lachinayi malo oponyera voti anatsegulidwa 7 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku, ndipo aka kanali koyamba kuno ku England pa chisankho cha aphungu m'dziko lonse kuti munthu aonetse chiphaso chokhala ndi chithunzi. Ife tinali ku ofesi kukonza mafayilo. Itangokwana 10, kafukufuku wa ovota otuluka m'malo oponyera voti analosera kuti Labour ipeza mipando 410. Inapeza 411, Conservative 121.

Za Dartford zinatuluka usiku womwewo kusanache. Jim Dickson wa Labour anapambana, koma ndi mavoti 1,192 okha pamwamba pa Gareth Johnson. Mbiri ya 1964 inapitirira. Chimene chinandigwira mtima ndi momwe manambala anagawikira. Labour inapeza pafupifupi 35 pa 100 ku Dartford, pomwe dziko lonse inapeza pafupifupi 34. Reform inatenga mavoti oposa 9,000, kuwirikiza kangapo kusiyana kwa awiri aja. Ndiye kuti dera limeneli silinangolondola dzina la wopambana, linaonetsanso njira imene wapambanira: otsatira Conservative anagawikana, ndipo pa dongosolo loti wamavoti ambiri ndiye watenga mpando, lomwenso timasankhira aphungu kwathu, Labour inadutsa pakati. Pamene Dartford inasiyana ndi dziko ndi pa Conservative, imene inapeza pafupifupi 32 pa 100 kuno koma 24 m'dziko lonse. Anzanga okayika aja sanalakwe kwenikweni, derali lapendekeradi.

Lachisanu masana abwana anatitumizira mndandanda wa anthu amene anavomera kuti tidzawaimbirenso foni, kuti timve ngati anavotadi monga ananenera. Ndinapempha kuti andipatse a ku Swanscombe ndi Temple Hill, chifukwa ndi m'misewu imeneyo momwe ndinakumana ndi ambiri osiya Conservative, ndipo ndikufuna kudziwa kuti ndi angati anakafikadi kumalo ovotera.