Kuperekeza mwana wa mchemwali wanga kukalembetsa chiphaso cha unzika

Mwana wa mchemwali wanga atakwanitsa zaka 16, ntchito yomuperekeza kukalembetsa inagwera ine, malume ake. Tinayambira kwa amfumu kuti adinde pa fomu ya NR1, umboni wakuti mnyamatayu ndi wa m'mudzi mwathu. Tinalembaponso za makolo ake, basi ulendo wa ku boma, ku ofesi ya NRB, nthambi ya boma yopereka ziphaso za unzika.

Kumeneko sizinachedwe. Anamujambula nkhope, anasaina, kenako anatenga zidindo za zala zonse khumi. Iye ankangomwetulira. Ine mtima unali kwina.

Chichitikireni kalembera wa 2017, pomwe analembetsa anthu oposa 9 miliyoni, nambala ya pachiphasochi ikufunidwa paliponse. Kubanki akuifuna, simu kadi kuyambira 2018 umachita kuilembetsa, feteleza wotsika mtengo wa boma sugula popanda chiphasochi, kalembera wa zisankho ndiye osanena. Ubwino ulipo, sindikana, mayina a anthu ongopeka sakulowanso mophweka m'mabuku a boma. Koma munthu woipa mtima atalowa m'makompyuta osunga zonsezi akhoza kulumikiza dzina lako, mudzi, foni ndi akaunti. Nanga akakhala wandale amene akusakasaka omutsutsa? PIN ikadziwika umasintha tsiku lomwelo, koma chala ungachisinthe bwanji? Ndipo si nkhambakamwa ayi: mu February 2024 a Lazarus Chakwera, ali pulezidenti, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pakompyuta alowerera makina a mapasipoti ndipo akufuna ndalama. Kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata.

Malamulo otiteteza alipo. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limati aliyense ali ndi ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 linapatsa MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, mphamvu yoyang'anira onse osunga zokhudza anthu. Vuto ndi lakuti ambirife sitifunsa n'komwe kuti fotokope ya chiphaso imene tasiya pakauntala ikathera kuti.

Anatipatsa kapepala kodzatengera chiphaso chikatuluka. Tili m'minibasi ndinamulangiza: "Mphwanga, mavenda amene amatolera ziphaso nyengo ya feteleza usadzawapatse chako, olo akulonjeze ndalama. Wina akafuna fotokope, uzilemba pamwamba pake tsiku ndi ntchito yake." Kapepalako ndasunga ndine, iyeyu matumba ake ngobooka.